Nkhotakota Mpaka Nkhata Bay pa Njinga: Kodi Dzuwa Limodzi Likwana?

FUNSO

Akonzi,

Ndine mphunzitsi pa sekondale ina mumzinda wa Lilongwe, ndipo ndili ndi zaka 41. Ine ndi anzanga awiri tagwirizana kuti patchuthi cha mu Ogasiti tipalase njinga kuchoka kuno mpaka ku Mzuzu kudzera msewu wa kunyanja, pofuna kupeza ndalama zomalizira laibulale ya pasukulu pathu. Tapangana masiku anayi. Loyamba tikagone ku Salima, lachiwiri ku Nkhotakota, lachitatu ku Nkhata Bay, lachinayi tikwere ku Mzuzu. Galimoto yotiperekeza palibe, aliyense adzamanga katundu wake pakaliyala.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi tsiku lachitatulo. Anzanga akuti kunyanja kulibe zitunda, bola kulawira. Koma Loweruka lapitali tinayesa kupita ku Dedza. Ndinayamba ndi mphamvu, wotsogola ndinali ine, koma titangodutsa pa Linthipe miyendo inakana. Ndinamva chizungulire, thukuta lozizira, manja kunjenjemera. Zala ziwiri za dzanja lamanzere zinachita dzanzi, pokhalira pankachita kuwotcha. Ku Dedza ndinakafika chokankha, ndipo pobwerera njinga inakwera minibasi.

Kodi ndi ukalamba umenewu? Nanga tsiku la Nkhotakota mpaka Nkhata Bay n'lotheka kwa munthu ngati ine? Sindikufuna kugwiritsa mwala anzanga, ngakhalenso makolo amene alonjeza kale ndalama.

Mphunzitsi wodandaula, Lilongwe

YANKHO

Aphunzitsi, zaka 41 zichotsenimo m'nkhaniyi. M'bandakucha uliwonse mumzinda wanuwo mumalowa azibambo okuposani msinkhu atasanjikiza matumba a makala panjinga yopanda giya ndi imodzi yomwe, mawa lake n'kubweranso. Zimene zinakuchitikirani pa Linthipe zili ndi zifukwa zodziwika, ndipo zonse n'zopeweka. Koma ndisanafike kumeneko ndikuuzeni mosapsatira mawu: tsiku lanu lachitatu, momwe mwalikonzeramo, silikwana m'dzuwa limodzi. Liduleni.

Tiyambe ndi samu, poti ndinu aphunzitsi. Kuchoka pa boma la Nkhotakota kukafika ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 200. Munthu wamphamvu zake koma wosakhala katswiri, katundu ali kumbuyo, amayenda makilomita 15 mpaka 18 pa ola mukawerengera maola onse opalasa. Tingoti 16. Ndiye kuti maola 12 ndi theka muli pachishalo, osatsika kukadya, osapatuka kukataya madzi, tayala osaphwa. Mu Ogasiti dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa 6 koloko yamadzulo isanakwane, ndipo kwathu kuno chisisira sichikhalitsa, likangolowa pakapita theka la ola kwada bii. Onjezanipo maola awiri akudya, kutunga madzi ndi kupuma. Kumbukiraninso kuti muli atatu, matayala ndi asanu ndi limodzi, ndipo gulu limayenda paliwiro la amene watopa kwambiri. Zonse zitayenda bwino, ku Nkhata Bay mukafika cha m'ma 8 kapena 9 koloko usiku.

Anzanuwo sakunama kwenikweni. Kuchoka ku Nkhotakota, kuwoloka Bua, kudutsa m'minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, msewu ngwachidikha ndithu. Koma mukawoloka Dwambazi n'kulowa m'boma la Nkhata Bay mapiri amayamba kusendera kunyanja, ndipo makilomita pafupifupi 40 omaliza, kuchokera pa Chintheche kudutsa m'minda ya mitengo ya labala ya ku Vizara, ndi kukwera ndi kutsika kokhakokha. Kwa munthu amene wangodzuka kumene zitunda zimenezo si kanthu. Inu mudzakumana nazo mutapalasa kale makilomita oposa 150, dzuwa litapendeka, miyendo itagwira ntchito masiku atatu otsatizana. Ndiye mawa lake kukudikirani chikweza chenicheni. Nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja zamchere, pomwe Mzuzu ali pa mamita oposa 1,200. Mtunda wonsewo mudzaukwera ndi miyendo yomweyo imene mwaifinya dzulo lake mpaka usiku.

Apa ndi pamene ulendo wa masiku ambiri umasiyanirana ndi wa Loweruka limodzi. Mutabwera ku Dedza munali ndi Lamlungu lonse logona. Paulendowu chilichonse chimene mwawononga lero mudzadzuka nacho mawa, kaya ndi bondo lotupa, khungu lonyuka kapena tulo tosakwana. Anthu a Tour d'Afrique, ulendo wa panjinga wochokera ku Cairo mpaka ku Cape Town umene unayamba mu 2003 ndipo umadutsa m'dziko muno, amayenda pafupifupi makilomita 120 patsiku. Amenewo katundu wawo amanyamulidwa pa lole, chakudya amachipeza chophikaphika panjira, ndipo pakapita masiku angapo amapuma tsiku lathunthu. Pofika ku Malawi amakhala atapalasa kale masabata ambiri. Inu mulibe lole, mulibe wophika, ndiye mukufuna 200.

Tsopano za pa Linthipe. Thupi limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi, pafupifupi theka la kilogalamu kwa munthu wamkulu wodya bwino. Mukamapalasa mwamphamvu, shugayu amatha pa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Mafuta a m'thupi ndi ambiri, okwanira masiku, koma amayaka pang'onopang'ono, ndipo thupi limawadalira kwambiri mukamayenda mofatsa. Mwanena nokha kuti wotsogola munali inu. Wotsogola ndiye amang'amba mphepo, anzake kumbuyo akupuma, ndipo mwina munkafuna kuonetsa kuti zaka 41 sizinakugwireni. Munawotcha shuga wanu yense m'zitunda za pakati pa Nathenje ndi Linthipe, osabwezeramo kanthu.

Vutoli silibwera ndi phokoso. Munthu amene amacheza amangoti zii. Amayamba kusinthasintha magiya, kufunafuna giya yofewa imene kulibe. Kachitunda kamene m'mawa akanakakwera akuimba mluzu amakayang'ana mokwiya. Kenako thukuta lozizira, manja kunjenjemera, m'maso mdima, ndipo ukamufunsa funso laling'ono amakuyankha mwaukali kapena osayankha n'komwe. Ubongo nawo umadya shuga yemweyo, n'chifukwa chake munthu wotere amalephera kuganiza bwino, ndipo pamsewu wa malole zimenezo n'zoopsa kuposa kutopa kwa miyendo. Mukaona zizindikiro zotere mwa mnzanu musamulimbikitse kuti apirire. Muikeni pamthunzi, mupatseni chakumwa cha shuga, tiyi, Sobo kapena Fanta, ndi nthochi, akhale mphindi 20. Adzatsitsimuka, koma mphamvu za m'mawa zija sizibwereranso tsiku limenelo.

Kupewa kwake n'kudya njala isanabwere. Zili ngati mbaula: makala mumawonjezera moto ukadayaka, chifukwa ukazima muyenera kuyambanso kukoleza ndi kupemerera. Akatswiri a zamasewera amalangiza magalamu 30 mpaka 60 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola lililonse limene munthu akupalasa. Nthochi imodzi yabwino ili ndi magalamu pafupifupi 25. Ndiye kuti ola lililonse nthochi ziwiri, kapena nthochi ndi ndasi, kapena mbatata yootcha, kapena chinangwa chophika. Yambani ola loyamba lomwelo, pamene m'mimba mukadali phala la m'mawa ndipo simukufuna kanthu. Zakudyazi zikhale pamalo pofikira dzanja, m'thumba la malaya kapena m'kachikwama ka pahandulo, chifukwa chimene mwamangirira ndi mphira pansi pa katundu simudzachidya. Msewu wa kunyanja uli ndi ubwino umenewu, simungayende mtunda wautali osapeza mayi wogulitsa zitumbuwa, mandasi, nthochi kapena thobwa. Thobwa musalipeputse, muli madzi, muli ufa, muli shuga, ndipo limalowa bwino ngakhale pakamwa patauma. Mtedza ndi mazira owiritsa zithandiza kusintha kakomedwe, chifukwa pofika masana zotsekemera zimayamba kukola.

Nsima ya masana ndi imene imagwetsa ambiri. Munthu wapalasa maola anayi, wafika pa Dwangwa, waona mbale ya nsima ndi chambo, wadya mitanda inayi. Akakwera njinga magazi athamangira kumimba, miyendo yalemera, tulo tabwera, ndipo ola lathunthu lapita akungokwawa. Mukalowa kwa Atonga mudzapeza kondowole, amene ngokoma koma amakhalitsa m'mimba. Masana idyani mwapakati, mitanda iwiri kapena mpunga pang'ono, n'kupitiriza kudya tating'onoting'ono panjira. Mbale yaikulu isungireni madzulo.

Za madzi, m'nyengo yotentha munthu wopalasa amatha kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola, ena kuposa pamenepo. Ogasiti ngwabwino poyerekeza ndi Okutobala, ndipo mwasankha mwezi wanzeru, koma kunyanja si ku Lilongwe, masana kumatentha ndithu. Aliyense anyamule malita awiri kapena atatu ndipo muzidzaza pa mjigo uliwonse umene mwaupeza, ngakhale mabotolo asanathe. Madzi amene mukuwakayikira thiranimo WaterGuard n'kudikira theka la ola. Kutsegula m'mimba kumatha kuthetsa ulendo umene zitunda zalephera kuuthetsa. Muziyang'ana mkodzo: ukayamba kufiirira n'kumatuluka wochepa, mwatsalira pa kumwa.

Komabe madzi okhaokha sakwanira. Chipewa chanu chikauma mudzaona mizere yoyera, umenewo ndi mchere umene wachoka m'thupi. Munthu akamamwa madzi ambirimbiri tsiku lonse osabwezera mchere, mchere wa m'magazi umachepa, ndipo amayamba kumva mutu, nseru ndi kusokonezeka, zizindikiro zimene anzake amaziyesa ludzu n'kumumwetsanso madzi ena. Nyamulani mapaketi a Thanzi ORS, botolo limodzi mwa atatu alionse likhale la ameneyu. Akatha, pangani wanu: lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Ndipo chimodzi ichi musachiiwale. Mnzanu akayamba kuyankhula zosamveka, kudzandira, thupi lili moto, imeneyo si nkhani ya nthochi ayi, thupi lake lalephera kudziziziritsa. Muikeni pamthunzi, mumuthire madzi thupi lonse, mumukupize, muimitse galimoto iliyonse apite kuchipatala. Zipatala zilipo ku Nkhotakota, ku Chintheche ndi ku Nkhata Bay.

Muli ndi bwenzi limodzi paulendowu, mwera. M'miyezi yozizira mphepoyi imachokera kum'mwera cha kuvuma, ndipo inu mukulowera kumpoto, ndiye kuti masiku ambiri idzakukankhani kumsana. Mukanati muchokere ku Mzuzu kubwera kuno ndikanakuuzani kuti muonjezere masiku awiri. Koma mwera sauzira tsiku lililonse, ndipo simungakonze ulendo podalira kuti udzakhalapo. Tsiku limene wauzira thokozani, mufike msanga, mupume. Dziwaninso kuti mphepo ikakhala kumbuyo simumva kamphepo kumaso, thupi limatentha kwambiri, ndipo madzi amafunika ochulukirapo.

Dzanzi la zala ziwiri zija, kachala kakang'ono ndi kotsatana nako, limabwera chifukwa mtsempha umene umadutsa m'mphepete mwa chikhatho wapanikizika pahandulo kwa maola ambiri. Muzisintha kagwiridwe pafupipafupi, zigongono zikhale zopindika pang'ono, ndipo valani magolovesi okhala ndi kasiponji. Onaninso chishalo. Chikaweramira kutsogolo thupi lonse limatsetserekera m'manja. Dzanzili musalinyozere, chifukwa likapitirira masiku angapo limatha kutenga masabata kuti lithe, ndipo inu ntchito yanu ndi yogwira choko.

Za pokhalira ndilankhula momasuka chifukwa ambiri amachita nazo manyazi mpaka ulendo kulephereka. Chimene chimawotcha ndi kukhuzana kwa khungu lonyowa ndi nsalu, makamaka pamene pali msoko. Tsiku loyamba pamafiira, lachiwiri pamanyuka, lachitatu pamatuluka zithupsa, ndipo munthu wa chithupsa pamalo amenewo sangakhale pachishalo ngakhale atalimba mtima bwanji. Pezani kabudula wa opalasa njinga wokhala ndi siponji, m'kaunjika amapezeka, ndipo amavalidwa wopanda chovala china m'kati. Mukhale ndi awiri, wina muzichapa madzulo alionse. Pakani Vaseline m'mphechepeche musananyamuke ndiponso masana. Mphindi khumi zilizonse imirirani pamapedulo kwa kanthawi kuti magazi ayende. Chishalo chofewa kwambiri, chija chokhala ngati mpando, chimakoma ola loyamba lokha, pamtunda wautali chimakhuza kwambiri. Ndipo musagule chishalo chatsopano sabata yonyamukira, thupi limafuna nthawi kuti lizolowerane nacho.

Kutalika kwa chishalo yesani motere: khalani, ikani chidendene papedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke bwinobwino. Mukabwezera phazi pamalo pake bondo lidzakhala lopindika pang'ono, ndipo ndi pomwepo. Ambiri amachitsitsa kuti mapazi azifika pansi akaima, ndiye bondo limapweteka kutsogolo pofika tsiku lachiwiri. Pachitunda sankhani giya yofewa, miyendo izizungulira mwachangu osalimbana ndi pedulo. Pakavuta tsikani mukankhe. A makala aja amatero pa chitunda chilichonse chachikulu ndipo amafika.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa dongosolo lanu ndi msewu weniweniwo kukada. Msewu wa kunyanjawu, M5, m'malo ambiri ngwopapatiza, m'mphepete mwake munadyeka, ndipo muli milatho ina yodutsa galimoto imodzi yokha. Ogasiti ndi nyengo yodula nzimbe, choncho kufupi ndi Dwangwa mudzakumana ndi malole ndi mathirakitala okoka ngolo zodzaza. Masana zimenezi n'zotheka kuzisamala: yendani mondondozana, osati mogundizana mapewa, valani zowala, ikani kagalasi pahandulo, ndipo lole ikaliza hutala kumbuyo pomwe kutsogolo kukubwera ina, tsikirani kudothi osalimbana nayo. Pamlatho wopapatiza imani, muone mbali zonse, muwoloke pamene palibe galimoto. Koma usiku nkhani imasintha. Maenje saoneka, mbuzi ndi anthu oyenda pansi amangotulukira, njinga zina zilibe nyale, magalimoto obwera kutsogolo amakuthobwani m'maso, ndipo zonsezi zimakupezani pa ola limene mutu watopa kwambiri. Nyale yakutsogolo ndi yofiira yakumbuyo nyamulani ndithu, chipewa cholimba chisachoke kumutu, koma nyalezo zikhale za pangozi. Dongosolo limene likufuna nyale kuti litheke ndi lolakwika kuyambira papepala. Musananyamuke funsaninso madalaivala a minibasi za ku Nkhotakota momwe msewu ulili, chifukwa mvula ya chaka chilichonse imasiya zake pamilatho ya kumeneko.

Tayala lidzaphwa, ndipo nthawi imene mungataye ikudalira kukonzeka kwanu. Aliyense akhale ndi machubu awiri a saizi ya njinga yake, zigamba, solushoni, ndipo pagulu pakhale pampu yabwino, masipanala, masipoko angapo ndi kachida kodulira tcheni. Okonza njinga mudzawapeza pansi pa mtengo pa malo amalonda alionse, ndipo ndi aluso, koma zipangizo zawo ndi za njinga zofala za mainchesi 26 ndi 28. Ngati yanu ili ndi matayala a saizi ina, chubu chake simudzachipeza pa Dwambazi. Mukachotsa chubu chobooka musafulumire kuika china. Yendetsani chala pang'onopang'ono m'kati mwa tayala monse. Kawirikawiri kaminga kapena kawaya kochokera ku matayala otha a malole kamakhala kakadali momwemo, kongotulukira nsonga, ndipo mukapanda kukazula chubu chatsopano chidzaphwa musanayende kilomita. Pomata, palani pobookapo, pakani solushoni wochepa, dikirani mpaka asiye kunyezimira, ndiye ikani chigamba n'kuchikanikiza ndi chala chachikulu. Wofulumira kumata solushoni ali wamadzi amamata kawiri. Yesererani kunyumba mpaka ntchitoyi izitenga mphindi khumi.

Pali vuto lina limene anthu salikonzekera, la mtima. Cha m'ma 2 koloko masana, dzuwa lili paliwombo, makilomita otsala akadali ochuluka, anthu amene anachoka ku Lilongwe akuseka amayamba kuyambana pa zinthu zopanda pake. Wina akuthamanga kwambiri, wina akuimaima, wina ndiye anayambitsa ulendo wopusawu. Nthawi zambiri mkangano wa ola limeneli mankhwala ake ndi chakudya, choncho musanayankhane idyani kaye. Muzisinthana kutsogola mphindi khumi zilizonse kuti mphepo isathere pa munthu mmodzi, ndipo wofooka tsikulo akhale pakati. Musamawerenge makilomita otsala kukafika kogona, muziwerenga okafika pa malo otsatira: Bua, kenako Dwangwa, kenako Dwambazi, kenako Kande. Ana adzakuthamangirani, akulu adzakufunsani kumene mukupita, ndipo ayankheni mwaulemu chifukwa ndi omwewo adzakulozereni mjigo ndi wokonza njinga, koma dziwani kuti macheza a mphindi zisanu akachitika kakhumi ndiye kuti ola latha.

Chinthu chimodzi mugwirizane mukadali ku Lilongwe, mitu ili bwino: ola limene muziima. Mwachitsanzo, ikakwana 4 koloko musanafike pamene mumafuna, mugona pa malo oyamba amene pali nyumba ya alendo. Mulilembe ndithu. Pamsewu munthu wotopa sasankha bwino, ndipo pagulu la amuna atatu palibe amene amafuna kukhala woyamba kunena kuti tiime. Lamulo likakhalapo kale, palibe amene wagonja. Ndipo tsiku limene wina wadwala, kukweza njinga pa matola si mlandu.

Maola a madzulo nawonso ndi mbali ya ulendo. Mukangofika idyani kanthu pasanathe ola, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene minofu imalandira shuga mofulumira. Kuti nkhokwe ya shuga ija idzadzenso bwino pamafunika pafupifupi tsiku lathunthu la kudya mokwanira, n'chifukwa chake wofika 4 koloko ndi wofika 9 koloko usiku amadzuka ali anthu awiri osiyana. Wa 4 koloko asamba, achapa kabudula n'kuuma, athira mafuta tcheni, adya kawiri, agona maola asanu ndi atatu. Wa 9 koloko apeza malo odyera atatseka. Mowa usiyeni mpaka ku Mzuzu. Gonani m'neti usiku uliwonse, kunyanja malungo sayang'ana mwezi. Nyanja idzakukopani mukatopa, koma pewani malo a bango ndi madzi odekha kumene kumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo kufupi ndi mathiriro a mitsinje musayandikireko, kuli ng'ona. Funsani eni dera malo osambira.

Ndikanakhala ine ndikanaonjezera tsiku limodzi. Salima, Nkhotakota, kenako tsiku lalifupi la makilomita pafupifupi 60 kukagona pa Dwangwa, kumene mungafike dzuwa lisanafike pamutu n'kupumitsa thupi. Tsiku lachinayi makilomita pafupifupi 100 kukagona pa Chintheche. Lachisanu makilomita pafupifupi 80 kukwera ku Mzuzu, osatsikira kudoko la Nkhata Bay, chifukwa msewu wa ku Mzuzu umapatuka musanafike kumeneko ndipo kutsikirako ndi kudzionjezera chitunda. Ngati masiku anayi sangasinthike, tsiku lachitatu lithere pa Chintheche. Akadali makilomita oposa 150, tsiku lalitali ndithu, lofuna kunyamuka kukangoyera ndi kusunga zonse ndanenazi, koma limatheka dzuwa lisanalowe, makamaka mwera ukakukomerani mtima. Makolo amene alonjeza ndalama auzeni lero lomwe kuti masiku ndi asanu. Iwo akufuna laibulale ndi aphunzitsi awo amoyo, ndipo sindikhulupirira kuti alipo amene angabweze lonjezo lake chifukwa munagona pa Dwangwa.

Masabata amene atsalawa agwiritseni ntchito pozolowera masiku otsatizana. Kupalasa makilomita 100 Loweruka limodzi sikukuuzani zambiri. Pitani ku Dedza ndi katundu yense amene mudzanyamule, mukudya ola lililonse, mukagone komweko, mawa lake mubwerere panjinga. Momwe miyendo, manja ndi pokhalira zidzamvekere m'mawa wachiwiriwo ndiye yankho lenileni la funso lanu. Sabata yomaliza pumani, muzingoyenda pang'ono. Pitaninso kuchipatala akakuyezeni kuthamanga kwa magazi ndi shuga, chifukwa pamsinkhu wathuwu matenda awiriwa amabisala mwa anthu ooneka amphamvu, ndipo ndi bwino kuwadziwa muli ku Lilongwe kusiyana ndi pachitunda.

Tsiku lokwera ku Mzuzu nyamukani m'mawa kwambiri kuti zitunda za ku Vizara muzidutse kusanatenthe, ndipo idyani bwino musanayambe chikweza chachikulu chochokera pamphambano ya Nkhata Bay. Msewu umenewo unakonzedwa m'zaka zapitazi, ngwabwino, koma kukwera kwake n'kwa maola angapo, ndipo pamenepo liwiro lanu lidzatsika mpaka makilomita 6 kapena 7 pa ola. Musadabwe nazo, ndipo musathamangitsane. Kumtunda kumazizira mu Ogasiti, nthawi zina kumachita nkhungu ndi mvula yowaza, pomwe inu mudzafika malaya ali chonyowa ndi thukuta. Juzi ndi malaya ouma zikhale pamwamba pa katundu, muvale mukangotsika njinga.